Seva ya ku Metangula ndi dzina la Mayi Joana

Marta ndi Tomé, ana anga, mpaka lero munthu akakufunsani kuti amayi anu ankagwira ntchito yanji, mumangoti ankakonza makompyuta. Sindikukudzudzulani, chifukwa ngakhale bambo anu anatsikira kulichete akuganiza kuti ntchito yanga inali kuzimitsa makina n'kuwayatsanso. Tsopano poti ndapuma ndipo ndakhazikika kuno ku Msumba, ndati ndilembe chigawo ichi kuti mudziwe chimene chinandiyeretsa tsitsi, komanso chifukwa chake munatsala ndi azakhali anu pamene ine ananditumiza ku Kobwe. Nkhani imeneyo munaimvera kwa anthu ena. Lero muimve kwa mwiniwake.

1996, Metangula

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndinalibe china m'manja koma luso lotayipa limene ndinaphunzira ku Nkhata Bay tili othawa. Bungwe lina laling'ono lothandiza zipatala zazing'ono za m'mbali mwa nyanja linkafuna munthu wotayipa Chipwitikizi ndi Chinyanja, ndipo linanditenga. Dzina lake sinditchula, anthu ake ambiri akali moyo. Ofesi inali zipinda ziwiri kuseri kwa msika, ndipo fungo la usipa linkalowa ngakhale m'mapepala. Shefi wanga woyamba, ndiye kuti bwana wanga, anali a Jaime, namwino wakale, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akudontheza mankhwala m'diso. Zonse zinali zosowa. Riboni ya makina ikauma ndinkaidonthezera mafuta a makina osokera kuti itulutseko inki yotsala, ndipo pepala lililonse linkagwira ntchito mbali zonse ziwiri, moti kalata yopita kuboma inkatha kukhala ndi nkhani ya matewera kumbuyo kwake.

Patapita zaka zingapo kunabwera kompyuta yoyamba. A Jaime anaifunditsa chitenje n'kulamula kuti aliyense asaikhudze mpaka atabwera katswiri wa ku Lichinga. Mvula inagwa, inatha, chimanga chinauma, katswiri osaoneka. Tsiku lina makina anga otayipira atathyoka chilembo, ndinavundukula chitenjecho n'kupeza kuti zilembo za kompyuta zili pamalo omwewo ngati za makina anga. A Jaime atandipeza ndikutayipa sanakalipe. Anangoti poti ndaidzutsa ndine, ndiilere ndine. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chokhala ndi chingwe chinasanduka changa. Makina osindikizira, foni ya pa ofesi, firiji ya katemera, ngakhale wailesi ya akazi awo a Jaime, zonse zikadwala ankaitana ine Dona Verónica.

2010, Lichinga

Bungwe lathu linali ndi boti lotenga odwala, makamaka amayi oyembekezera, kuchokera kumidzi yopanda msewu kupita nawo kuchipatala cha ku Metangula. Vuto linali lakuti boti linkaitanidwa zinthu zitafika kale poipa. Akuluakulu anaganiza zopanga tsamba la pa intaneti limene anamwino azilembamo mayi aliyense woyembekezera, nthawi imene akuyembekezeka kuchira, matenda amene ali nawo ndi mankhwala amene akumwa, kuti a boti azidziwiratu woyenera kukatengedwa masiku asanakwane. Panafunika munthu woliyang'anira, ndipo poti chinali chinthu cha chingwe, ananditumiza ku kosi ku Lichinga.

Ndinali wamkulu kuposa onse m'kalasimo, mkazi ndekha, ndipo kuzizira kwa ku Lichinga kunkandiumitsa zala. Kumeneko ndi kumene ndinamva kusiyana kwa masamba. Tsamba wamba lili ngati chidziwitso chokhoma pamtengo, chimene walemba n'chomwecho. Limene tinkafuna ifeyo ndi losinthasintha. Munthu akalifunsa limathamangira kunkhokwe yosungira zonse zolembedwa, n'kubwera ndi yankho loyenera munthuyo. Tsambalo ndi nkhokwe yake zimakhala m'kompyuta imodzi yosazimitsidwa, imene amati seva. Kumva ndinamva msanga, koma kuchita kunali kwina. Tsiku lina ndinatha m'mawa wonse ndikuyang'ana tsamba loyera mbee, lopanda ngakhale liwu limodzi londiuza chimene ndalakwa. Mphunzitsi atabwera analoza kumapeto kwa mzere wina kumene ndinaiwala kadontho kokhala ndi kamchira kunsi. Ndinamufunsa ngati ndithu chinthu chodula chotere chingafe kaamba ka kadontho, iye anati inde, ndipo chidzafa kambirimbiri. Anandionetsa malo amene seva imalemba madandaulo ake, n'kundilangiza kuti ndiziyamba ndawerenga pamenepo ndisanaimbire munthu aliyense. Pa zonse za kosi ija, malangizo amenewo ndi amene anandithandiza koposa.

2012 mpaka 2015, Metangula

Chigawo chachikulu cha tsambalo sindinalembe ine. Bungwe linalemba ganyu a Nelson, katswiri wa ku Maputo, amene anabwera ndi seva yake m'katoni, anaiika pakona ya chipinda changa, analumikiza ku mbale ya intaneti imene inali padenga, n'kubwerera kwawo sabata isanathe. Ine anandisiyira senya, ndiye kuti mawu achinsinsi olowera, yongokwanira kuyatsa, kuzimitsa, kukopera nkhokwe ndi kukonza timasamba ting'onoting'ono. Senya yaikulu yotsegula zonse anapita nayo. Anati zimenezo ndi mmene mgwirizano wawo unalembedwera, ndiponso kuti akuopa ndingawononge. Ndinadandaula kwa a Jaime, koma iwo anati tisakangane ndi munthu amene watipangira chinthu chabwino.

Ndikanati ndilembe zonse zimene seva imeneyo inandionetsa, buku lino silikanakwana. Magetsi a ku Metangula ankazima nthawi iliyonse imene afuna, ndipo batire yogwiriziza seva inafa chaka choyamba chomwe. Magetsi akazima namwino ali pakati polemba, nkhokwe inkasweka, tsamba n'kumangoonetsa nambala 500, imene tanthauzo lake ndi lakuti china chake chalakwika koma sindikuuza. Ndinkatha tsiku lonse ndikusoka nkhokwe ngati ukonde wodyedwa ndi ng'ona. Kenaka panabwera nthawi imene seva inkazima yokha masana aliwonse. Ndinawerenga madandaulo ake, ankanena za kutentha. Nditaitsegula ndinapeza chopemerera mphepo chake chatsekeka ndi nkhungu, tizilombo tija timauluka panyanja ngati utsi. Tinalowera pawindo, tinafera mkatimo, tinaumbika ngati chikondamoyo. Nditawauza a Nelson pa foni anandifunsa kuti nkhungu n'chiyani, ndipo nditafotokoza anati ndigule makina oziziritsa chipinda. Ndinagula nsalu ya neti n'kukhoma pawindo.

Sabata ina seva inkapezeka itazima m'mawa uliwonse, koma madandaulo osalemba kanthu. Ndinasintha zingwe, ndinasintha soketi, ndinayamba kukayikira mutu wanga womwe. Mapeto ake ndinalawira tsiku lina n'kupeza mlonda wathu atazula seva, m'malo mwake atalumikiza mafoni a anthu a mumsika. Anandiuza mwaulemu wonse kuti ankaona kuti makinawo akungolira pachabe popanda wowagwiritsa ntchito.

Panalinso nkhani ya mayina. Tsiku lina mayina onse okhala ndi zilembo za Chipwitikizi, zija zokhala ndi kamchira kapena kanyongolotsi pamwamba, anasanduka zizindikiro zosawerengeka. Mayi Conceição anakhala chinthu chimene palibe lilime lingatchule. Namwino wina anakana kutsegula tsambalo ponena kuti mwalowa zoipa. Chinachitika n'chakuti tsamba ndi nkhokwe zinasiya kugwirizana za kalembedwe ka zilembo a Nelson atasintha zina ali ku Maputo osandiuza. Nditawaimbira anandipatsa yankho limene ndinalimva zaka zonsezo mpaka kumalilota: "Dona Verónica, kuno ikuyenda bwinobwino." Ndinawayankha kuti amayi oyembekezerawo sali ku Maputo.

Anthu nawonso anali ndi zawo. Ukakonza tsamba, wina n'kumaumirira kuti silinasinthe, chonsecho foni yake ikumuonetsa lakale limene inasunga. Wina ankatumiza zithunzi za ukwati wa mchemwali wake m'malo olembera odwala mpaka seva inadzaza. Aliyense foni yake ikatha mayunitsi ankaimba kuti sistema, kutanthauza tsamba lathu lija, yagwa. Amene ndinkagwirizana naye kwambiri anali a Cecília, namwino wa ku Nkholongue, mayi wolimba mtima ndi wakamwa lakuthwa. Iwo vuto lawo linali kuiwala senya, ndipo nditawadzudzula anailemba ndi makala pakhoma la chipinda choyezera odwala kuti asandivutitsenso.

Koma ndisakunamizeni, chinthucho chinkagwira ntchito. A Mateus, woyendetsa boti, ankabwera m'mawa kudzaona tsamba, n'kudziwa kumene apite sabata imeneyo. Amayi amene kale akanafika atanyamulidwa pamachira ankatsika m'boti ndi miyendo yawo, mtolo pamutu, n'kukadikirira kuchipatala. Ndikawaona akudutsa pa ofesi ndinkaiwalako nkhungu ndi mlonda.

2016, Metangula

A Jaime atapuma, m'malo mwawo munabwera a Dotora Lídia, ochokera ku Nampula. Anali achangu, odziwa ntchito, osakonda kumva mawu akuti sizingatheke. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Iwo ndi amene anatipezera batire yatsopano imene ndinaipempha zaka zambiri. Koma anali ndi anthu akunja othandiza bungwe amene ankawapanikiza, ndipo anthuwo anadandaula kuti akafuna kuona mmene ntchito ikuyendera, tsamba limawafunsa senya, iwo n'kuiwala. A Dotora anauza a Nelson kuti apange tsamba lina lotseguka kwa aliyense. Nditamva ndinafunsa ngati mayina a odwala sadzaoneka. A Nelson anati lidzangoonetsa chiwerengero cha amayi pa mudzi uliwonse, basi. Ndinalitsegula, ndinaonadi manambala okhaokha, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Panapita miyezi. Lachisanu lina m'nyengo ya mvula, a Cecília anatulukira pa ofesi m'mawa atakwera njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Sanapereke ngakhale moni. Anatseka chitseko n'kundiuza za Mayi Joana a ku Nkholongue, amene anali oyembekezera ndipo ankamwa mankhwala otalikitsa moyo. Amuna awo ankadziwa, ndiponso iwo omwe ankamwa, koma awiriwo anagwirizana kuti asauze abale. Tsono mlamu wawo wa a Joana, amene ankaphunzira ku Lichinga, analemba dzina la banja lawo pofufuzira pa intaneti mongosewera, ndipo chimene chinatuluka ndi tsamba lathu, dzina la a Joana, mudzi, mwezi wochira ndi mankhwala awo. Anatumiza kwa amayi ake. Abale atasonkhana, mwamunayo anakana kuti sakudziwa kanthu, nati mkaziyo ndiye wabweretsa matenda m'nyumba. Abale aja anawatulutsira a Joana katundu panja mvula ikugwa, ndipo a Joanawo anabwerera kwa amayi awo.

Ndinati n'zosatheka, tsamba la odwala limafuna senya. A Cecília anandipatsa foni yawo. Pa tsamba lotseguka lija, munthu akadina pa nambala ya mudzi, linkamupititsa kwa mayi woyamba wa mudziwo popanda kufunsa kanthu. Kumapeto kwa adiresi ya tsambalo kunali nambala. Nditaisintha n'kuika yotsatira, panatuluka mayi wina. Nditasinthanso panatuluka mayi wa kuno ku Msumba amene ndimaimba naye kwaya kutchalitchi, pamodzi ndi zonse zimene anauza namwino wake chitseko chili chotseka. Ndinaika foniyo patebulo. A Cecília anawonjeza kuti nkhani yafalikira kale, ndipo dzulo lake anaona anyamata pagombe pamene amakokera ngalawa akupatsirana foni, akuphunzitsana kusintha nambala ija.

Ndinayesa kutseka tsambalo ndekha. Seva inandiyankha kuti ndilibe chilolezo. Ndinayesa kulisuntha, kulisintha dzina, kulitchinga ndi njira zonse zimene ndinkadziwa, yankho linali lomwelo, chifukwa linali m'chigawo cha senya yaikulu. Ndinaimbira a Nelson. Poyamba anati sizingatheke. Nditawauza kuti ayese okha, anayesadi, kenaka anati ali pa ulendo wopita ku ukwati wa mbale wawo, alibe kompyuta, adzaona Lolemba. Ndinawapempha kuti angonditchulira senyayo pa foni. Anati mgwirizano suwalola.

A Dotora anali ku Lichinga kukachingamira alendo akunja aja, amene ankabwera mawa lake kudzaona ntchito yathu, makamaka tsambalo. Nditawafotokozera anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndinamva m'mawu awo kuti nawonso zawakhudza. Koma anati ndisakhudze kanthu mpaka Lolemba. Anati tsambalo lakhala lotseguka miyezi yonseyi, masiku ochepa otsalawa sasintha kanthu. Anati alendo akapeza sistema yozima, thandizo la boti lenilenilo likhoza kuima. Anandikumbutsanso kuti ino ndi nyengo ya mvula, misewu yaduka, ndipo a Mateus amadalira tsambalo. Zonsezo zinali zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinawauza za anyamata a pagombe, ndi kuti Loweruka ndi Lamulungu ndi masiku amene anthu amakhala ndi mpata wosewera ndi mafoni.

"Dona Verónica, ndamva," anatero. "Koma ndikukulamulani monga shefi wanu. Musazimitse."

Ndinadula foni. Ndinakhala pampando ndikumvera seva ikulira pakona. Ndinaganiza za inu awiri, bambo anu atangotisiya kumene, sukulu ili patsogolo. Ndinaganiza za boti. Ndinaganizanso za mayi wa kwaya uja, mmene adzalowere m'tchalitchi Lamulungu anthu atawerenga kale za m'thupi mwake. Ndinasindikiza mayina a amayi onse amene masiku awo anali pafupi, ndinaitana a Mateus n'kuwapatsa m'manja. Ndinaimbira anamwino amene ndinatha kuwapeza kuti kuyambira tsopano aziimba kapena kutumiza uthenga pa foni yanga. Ndinakopera nkhokwe yonse n'kuitsekera m'kabati. Dzuwa lili paliwombo ndinazimitsa seva mwadongosolo, n'kuzula chingwe chake cha intaneti, kuchikulunga n'kuchiika m'chikwama changa kuti wina asachibwezeretse ine nditachoka.

Alendo anabwera Loweruka. A Dotora anawaonetsa boti, chipatala ndi kompyuta yozima. Pamaso pa alendo anamwetulira n'kunena kuti tili ndi vuto laling'ono la magetsi. Alendo atapita kukadya, a Dotora analowa m'chipinda changa n'kupempha chingwe. Ndinati ndiwapatsa a Nelson akatseka tsamba lija.

"Mukudziwa kuti mwachita chiyani?" anandifunsa.

"Ndikudziwa, a Dotora. Chimene sindikudziwa n'chakuti ndi amayi angati awerengedwa kale."

Lolemba linafika, a Nelson osakonza. Anakwiya kuti ndawachititsa manyazi, nati sangakonze seva yozima ali ku Maputo, ine ndinati sindingaiyatse tsamba lili lotseguka, ndipo tinazungulira pamenepo ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ndinawauza kuti anditumizire senya, ndikonze seva ili yosalumikiza kunja, ntchito yosatha ngakhale ola. Anakana. Mkanganowo unakwera mpaka kwa akuluakulu a bungwe, ndipo unatenga masabata. Masabata onsewo foni yanga ndiyo inali sistema. Ndinkalandira mauthenga ndili kumunda, ndili kutchalitchi, ndili kosamba, n'kumathamangira kwa a Mateus. Panthawi yomweyo ndinkalemba kwa eni malo ofufuzira pa intaneti kuwapempha kuti afufute zimene anasunga za amayi athu, m'Chingerezi changa cha ku Nkhata Bay. Anafufuta, koma mwapang'onopang'ono.

M'sabata yachitatu kunachitika chimene ndinkaopa. Kumudzi wina wakumpoto kunali mayi amene mwana anakhala mopingasa m'mimba. Dzina lake silinali pa mapepala a a Mateus chifukwa anayamba sikelo mochedwa, seva itazima kale. Namwino wa kumeneko ananditumizira uthenga, koma netiweki inali itagwa ndi mvula, ndipo uthengawo unandipeza patapita masiku. Boti linanyamuka pa mphepo ya mpoto, linafika, linamutenga. Mayiyo anapulumuka. Mwana sanapulumuke.

Pamsonkhano umene unaitanidwa pambuyo pake, ena anati seva ikanakhala yoyaka mwanayo akanakhala moyo. Ine ndinafunsa kuti kumene uthenga wa foni unalephera kudutsa, tsamba la intaneti likanadutsa bwanji. Wina anayankha kuti namwinoyo anali ndi chizolowezi chokwera phiri kukalemba m'sistema, ndipo mwina akanakwera msanga akanadziwa kuti ikugwira. Mwina. Palibe amene angadziwe, ndipo ine ndasiya kuyesa kudziwa. Chimene chinandiwawa n'chakuti msonkhano wonsewo unakamba za chingwe chimene ndinazula, koma dzina la a Joana linatchulidwa ndi a Cecília okha, ndipo anawauza kuti imeneyo ndi nkhani ina. Pomaliza a Nelson anabwera ndi ndege mpaka ku Lichinga, anatseka tsamba lija asanamalize n'komwe kapu ya tiyi, ndipo bungwe linawawonjezera mgwirizano kuti alimbitse chitetezo. Ine sanandichotse ntchito. Anati luso langa likufunika kwambiri ku Kobwe.

2017 mpaka 2022, Kobwe

Ku Kobwe kunalibe seva. Kunali kompyuta imodzi yoyendera magetsi a dzuwa, ndipo ntchito yanga inali kulowetsa zimene anamwino alemba pamanja, ndiye kuti ndinabwerera ku utayipisiti umene ndinayambira. Msewu wochokera ku Metangula unali woti munthu ukafika umayamba wapuma tsiku lathunthu, n'chifukwa chake ndinkabwera kudzakuonani mwa apo ndi apo. Tomé, ndikudziwa kuti unandikwiyira nthawi imeneyo, ndipo azakhali ako anakuuza kuti amayi ako anachita mwano kwa shefi. Sanalakwitse kwenikweni. Amene analowa m'malo mwanga ku Metangula ankandiimbira pafupifupi sabata iliyonse kufunsa za nambala 500, za zilembo zosokonekera, za seva yotentha, ndipo ndinkamuyankha nditaima pachulu pamene netiweki inkagwira. Iyeyo senya yaikulu anampatsa tsiku loyamba lomwe.

Patapita zaka, kunabwera dongosolo latsopano lochokera kutali, loyendera m'mafoni, ndipo seva ija anaizimitsa osaitanitsa msonkhano uliwonse. Ndinamva kuti anaikapo mtsuko wa madzi akumwa. A Dotora Lídia anabwera ku Kobwe kamodzi asanasamukire kwina. Tinadya limodzi, tinakamba za ana ndi za mitengo ya zinthu. Pokwera boti anandigwira dzanja n'kunena kuti akanakhala pampando wanga tsiku lija, mwina nawonso akanazula chingwe, koma poti anali pampando wawo, akanati abwerere m'mbuyo akananditumizabe ku Kobwe. Sindinadziwe ngati kumeneko kunali kupepesa. Ndinawafunira ulendo wabwino.

2023, Metangula

A Joana ndinali ndisanawaonepo ndi maso. Ndinkadziwa tsiku lawo lobadwa, kulemera kwawo ndi mankhwala awo, koma nkhope ayi. Mwezi umene ndinapuma ntchito ndinakumana ndi a Cecília mumsika wa ku Metangula, ndipo osandifunsa anandikokera kwa mayi wina wogulitsa usipa wouma, pambali pake patakhala kamtsikana kovala yunifolomu ya sukulu. Anamuuza kuti awa ndi a Dona Verónica a makompyuta aja. Mayiyo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Anauza mwanayo kuti apite akatunge madzi, ndipo atachoka anandifunsa motsitsa mawu.

"Ndinu munaika dzina langa m'foni?"

"Ayi, mayi. Ine ndi amene ndinalichotsa."

"Munachedwa."

Ndinavomera kuti ndinachedwadi. Anayamba kusanja usipa umene unali wosanjika kale. A Cecília anandinong'oneza kuti mwamuna uja anakwatira wina, ndipo a Joana akulera yekha mwanayo, amene anabadwa wopanda kachilombo. Ndinatsanzika. Nditayenda pang'ono ndinamva akundiitana, ndipo nditabwerera anandifunsa ngati amayi onse amene anali m'makinamo anawerengedwa. Ndinati sindikudziwa onse, koma ambiri sanafikiridwe, chifukwa ndinazimitsa tsiku lomwe ndinamva.

Anayang'ana kumene mwana wawo anapita.

"Mng'ono wanga analimonso," anatero. "Iye akali pabanja."